Nachbar: Liwu la Chijeremani Lomwe Ndi Mbale Wake wa "Neba"

"Aneba, mundigawireko kamchere." Mawu amenewa amadumpha mipanda tsiku lililonse ku Ndirande, ku Kawale, ku Chinsapo, ndipo ambiri tikudziwa kuti "neba" tinabwereka ku Chingerezi, ku *neighbour*. Nkhani imathera pomwepo. Koma ku Germany, wobweretsa katundu akagogoda n'kupeza pakhomo palibe munthu, amakasiya phukusi lanu khomo linalo, n'kuponya kakhadi m'bokosi la makalata kokuuzani kuti katundu wanu ali kwa *Nachbar*. Mukamva Mjeremani akulitchula liwuli mumatchera khutu. Amayamba ndi "na", kenaka phokoso lokwecha la kukhosi, n'kumaliza ndi "baa", r wa kumapetoyo osamveka. Chotsani phokoso la kukhosilo, mwatsala ndi china chake choyandikana kwambiri ndi neba wathu.

Kufanana kumeneku si kwangozi. *Nachbar* ndi *neighbour* ndi liwu limodzi lomwe linapatukana njira pamene mitundu ya Angles ndi Saxons, yochokera kumadera a Germany ndi Denmark a lero, inkawoloka nyanja kupita ku Britain m'zaka za m'ma 400. Ndipo liwulo, ngakhale lero likuoneka lalifupi, linapangidwa ndi zidutswa zitatu, zomwe zatha ngati khasu lomwe lalima minda ya mibadwo yambiri mpaka kutsala kachipande.

Chijeremani chimatchuka ndi kulumikiza mawu. *Hand* ndi dzanja, *Schuh* ndi nsapato, ndiye *Handschuh*, nsapato ya dzanja, ndi golovesi. *Krankenhaus* ndi nyumba ya odwala, chipatala. *Kühlschrank* ndi kabati yoziziritsa, firiji. Ife sitingadabwe nazo, poti tili ndi mtolankhani, msungichuma ndi chiphadzuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa iwo liwu lomaliza ndiye mwini nkhani, loyambalo limangolongosola. *Haustür* ndi chitseko, osati nyumba, ngakhale *Haus* ali kutsogolo. Mawu ngati amenewa mwana wa sukulu amawamasula ndi maso okha, chifukwa msoko wake ukuonekera.

*Nachbar* msoko wake unabisika, ndipo amene akuphunzira Chijeremani amakodwa pomwepa. Amaona *nach*, kaliwu kotanthauza "pambuyo pa" kapena "kulowera ku". Amaonanso *-bar*, mchira umene umagwira ntchito ngati *-ka* wathu wa mu "kumweka" ndi "kudyeka": madzi *trinkbar* ndi omweka, bowa *essbar* ndi wodyeka. Akalumikiza ziwirizi sipatuluka chanzeru. Chifukwa chake n'chakuti *-bar* wa mu *Nachbar* si mchira umenewo ayi. Mchira wa mu *trinkbar* unachokera ku mneni wakale *beran*, kunyamula kapena kubereka, n'chifukwa chake *fruchtbar* ndi chobala zipatso. Khutu la Mchewa likhoza kusangalala kumva *-bar* akufanana ndi "kubala", koma kumeneko ndiye kufanana kwangozi kwenikweni, ndipo ndi msampha womwe wagwetsa ambiri okonda kufufuza mawu. Chibale cha mawu sichidziwika ndi nkhope. Chimadziwika polondola mmene liwu linkalembedwera kale, m'badwo ndi m'badwo.

Tikalondola choncho, m'zolemba za Chijeremani chakale kwambiri, cha pakati pa zaka za 750 ndi 1050, timapeza *nāhgibūr*, pena *nāhgibūro*. Kamzere ka pamwamba pa chilembo kakusonyeza kuti mawuwo ankakokedwa. Ku England nthawi yomweyo ankalemba *nēahgebūr*. Zidutswa zitatu zija ndi izi: *nāh*, *gi-* ndi *būr*.

*Nāh* ndi "pafupi", ndipo akadalipo mpaka lero monga *nah*. Kusiyana n'kwakuti h wa kumapetoyo lero anafa, amangolembedwa, pomwe kale linali phokoso la kukhosi lija. Phokosolo linapulumuka pamene linali ndi pobisala: mu *nächst*, chapafupi kuposa zonse, ndi mu *Nachbar*. Ngakhale *nach* yemwe uja ndi liwu lomweli. Kuchoka pa "pafupi ndi" linafika pa "kulowera ku", kenaka "kutsatira pambuyo", pakuti wotsatira mnzake amakhala ali pafupi naye. Ndiye wophunzira wathu uja theka loyamba analasa, ngakhale anatenga tanthauzo la pambuyo pake. Ku Chingerezi nakonso, *gh* yemwe amazunza ana pa sipelo ya *neighbour* ndi manda a phokoso lomwelo. Linkatchulidwa, kenaka linasiya, zilembo n'kutsala.

Pali chinthu chimodzi chomwe Chijeremani chinachita ndi *nah* chimene Chingerezi sichinachite. Martin Luther pomasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani mu 1522, pa funso la wachilamulo uja kwa Yesu lakuti "mnansi wanga ndani", sanagwiritse *Nachbar*. Analemba *Nächster*, wapafupi kuposa onse. Mpaka lero Mjeremani amasiyanitsa: *Nachbar* ndi wa khomo linalo, *Nächster* ndi munthu mnzako aliyense amene Mulungu wakulamula kumukonda. Mngerezi onse awiri amawatcha *neighbour*. Ife tili mbali ya Ajeremani pankhaniyi, chifukwa m'tchalitchi timati mnansi kapena mnzako, ndipo palibe mlaliki amene angawerenge kuti "konda neba wako".

Kachidutswa kachiwiri, *gi-*, kamene pambuyo pake kanasanduka *ge-*, n'kakang'ono koma ndi kamene kananyamula umunthu wa liwuli. Kankatanthauza "pamodzi". Kakaikidwa kutsogolo kwa dzina la chinthu, kankabala dzina la munthu amene mukugawana naye chinthucho. *Saal* ndi chipinda chachikulu, ndiye *Geselle* anali wogona naye chipinda chimodzi. Lero ndi mmisiri amene wamaliza kuphunzira ntchito, ndipo m'menemo munatuluka *Gesellschaft*, gulu la anthu kapena kampani. *Fahrt* ndi ulendo, *Gefährte* ndi woyenda naye. Amene amandigwira mtima ndi *Genosse*. *Nōz* zinali ziweto, ndiye *Genosse* anali munthu amene ng'ombe zake zimadya dambo limodzi ndi zako. Patapita zaka mazana ambiri liwuli linadzakhala lomwe mamembala a zipani za sosholizimu amaitanirana. Anthu amenewa ankatchula mnzawo potengera chimene amagawana naye, monga ife timanenera kuti "wodya naye mbale imodzi".

Chachitatu ndi *būr*, nyumba, kanyumba, pogona. Liwuli palokha linatsala pang'ono kufa. Linapulumukira mu *Vogelbauer*, kakhola kosungiramo mbalame m'nyumba. *Gibūr* ndiye anali wokhala naye malo amodzi, munthu wa m'mudzi mwanu. Kuika *nāh* kutsogolo kunali kumusankha pakati pa anthu onse a m'mudzimo: wa m'mudzi mwathu, inde, koma uyu wa pafupiyu.

Nanga *nāhgibūr* anafupika bwanji mpaka kukhala *Nachbar*? Zilankhulo za banja la Chijeremani zimagogomeza chiyambi cha liwu. Mphamvu yonse ya mpweya imathera kutsogolo, zotsalazo zimatuluka zofooka, ndipo chofooka chikanenedwa kambirimbiri chimamezedwa. M'Chijeremani cha pakati, cha zaka za 1050 mpaka 1350, timapeza *nāchgebūr*, ndipo pambali pake *nāchbūr*, *ge-* atamezedwa kale. Kenaka *būr* nayenso, poti anali kumchira, anapwepwetala n'kukhala *-bar*. Ngakhale "a" woyamba uja, yemwe ankakokedwa, lero amatchulidwa mwachidule.

*Nachbar* sali yekha. *Messer*, mpeni, anali *mezzisahs*, lupanga la chakudya. *Welt*, dziko lapansi, anali *weralt*, m'badwo wa munthu. *Heute*, lero, anali *hiu tagu*, pa tsiku ili. *Adler*, chiwombankhanga, anali *adelar*, mbalame yaufumu. Onsewa ndi mawu a pakamwa pa aliyense, ndipo ndi amenewo amene amatha msanga. Ifenso tinameza "tsiku" mu Lolemba ndi Loweruka, ndipo ana ambiri a lero sadziwa kuti akunena za tsiku lolemba antchito ndi tsiku loweruka. Neba wathu anadutsa njira yomweyo kawiri. Angerezi anali atameza kale *ge-*, phokoso la kukhosi ndi r wa kumapeto, ndipo ife tinangolandira zotsala, *ne* ndi *ba*, zomwe zinakhala bwino pakamwa pathu poti mawu athu amathera pa a, e, i, o, u. Tinamuveka "a" waulemu, n'kumupatsa ochuluka ake, maneba, ngati mwana wobadwira konkuno.

Tsopano *gibūr* uja, amene analibe *nāh* kutsogolo, anayenda njira ina, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imakoma. Iye *būr* wake ndiye ankagogomezedwa, choncho sanafooke. Anangotaya *ge-* basi. Kenaka anakumana ndi kusintha kwakukulu kwa katchulidwe komwe kunayambira kummwera chakummawa, ku Austria ndi ku Bavaria, m'zaka za m'ma 1100, n'kumafalikira pang'onopang'ono kwa zaka mazana angapo. "U" wokokedwa aliyense anasanduka "au". *Hūs* anakhala *Haus*, nyumba. *Mūs* anakhala *Maus*, mbewa. *Mūr* anakhala *Mauer*, khoma. *Būr* anakhala *Bauer*, ndipo *Bauer* lero ndi mlimi. Kumene kusinthaku sikunafike, monga ku Switzerland ndi kumpoto kwa Germany, anthu akamayankhula chakwawo akunenabe *Huus* ndi *Buur*.

Choncho *-bar* wa mu *Nachbar* ndi *Bauer* ndi mapasa. Mmodzi anakulira padzuwa n'kunenepa, mnzake anakulira mumthunzi n'kunyentchera. Umboni wake uli m'maina a mabanja, pakuti maina amasunga zomwe chilankhulo chinataya. Alipo anthu otchedwa Nachbauer, mmene mapasa onse akuonekera bwinobwino. Alipo a Gebauer ndi a Neugebauer, amene *ge-* wawo sanamezedwe. Neugebauer anali mlendo wongofika kumene m'mudzi, ndipo kumpoto mnzake wa tanthauzo lomwelo ndi Niebuhr. Galamala nayo inasunga chipsera. Ponena kuti "cha neba", Mjeremani akhoza kunena *des Nachbarn* kapena *des Nachbars*, zonse n'zololedwa, chifukwa *gibūro* ndi *gibūr* aja ankasintha mosiyana ndipo palibe anagonja.

*Būr* naye ali ndi kholo. Anabadwa kwa mneni *būan*, amene lero ndi *bauen*, kumanga. Koma *būan* poyamba sikunali kumanga ayi, kunali kukhala pamalo. Wokhala pamalo amalima pamalopo, ndiye linatenga tanthauzo la kulima, lomwe likadali mu *Ackerbau*, ulimi wa m'munda, ndi *Weinbau*, ulimi wa mphesa. Wokhala pamalo amamanganso, ndipo tanthauzo limeneli ndi lomwe linapambana. Ku Scandinavia mneni yemweyu anali *búa*. Mwini nyumba ankatchedwa *húsbóndi*, amene *bóndi* wake anachokera ku *búa*, ndipo ma Viking, anthu a kumeneko, analisiya liwuli ku England kumene linakhala *husband*. Anasiyanso *-by*, mudzi, wa muzu womwewo, kumapeto kwa maina ngati Derby, Grimsby ndi Whitby.

Kupitirira apo zolembedwa zimatha, ndipo akatswiri amayenda ndi njira ina, yoyerekeza zilankhulo zapachibale. Mu 1786 William Jones, woweruza wa ku Britain amene ankagwira ntchito ku Calcutta, ananena poyera kuti Sanskrit ya ku India, Chigiriki ndi Chilatini zikuoneka zochokera ku chitsime chimodzi. Rasmus Rask wa ku Denmark mu 1818, ndi Jacob Grimm mu 1822, anaonetsa kuti maphokoso a zilankhulozi amasiyana motsata lamulo. Pamene Sanskrit ili ndi *bh* kumayambiriro, Chilatini chimakhala ndi *f*, Chigiriki *ph*, Chijeremani *b*. Mbale wamwamuna ndi *bhrātar* mu Sanskrit, *frater* m'Chilatini, *Bruder* m'Chijeremani. Si liwu limodzi lokha lomwe limachita zimenezi, ndi mndandanda wonse, ndipo n'chifukwa chake umenewu ndi umboni pomwe *-bar* ndi "kubala" si umboni. Njira yomweyi ndi imene Wilhelm Bleek ndi Carl Meinhof, onse Ajeremani, anadzaigwiritsa pa zilankhulo zathu za Bantu, poika munthu, *umuntu* ndi *mtu* pamzere umodzi.

Mukatenga lamulo limeneli n'kulifunsa za *būan*, limakutengerani ku muzu umene akatswiri amaulemba *bhu-*, wa chilankhulo chomwe chinkayankhulidwa zaka 5,000 kapena kuposerapo zapitazo ndipo sichinalembedwepo. Mu Sanskrit muli *bhavati*, akukhala, akusanduka, ndi *bhūmi*, nthaka. M'Chilatini muli *fui*, ndinali, ndi *futurus*, chimene chidzakhale. M'Chigiriki muli *phyein*, kumera, ndi *physis*, chibadwa cha zinthu, kumene kunachokera dzina la fizikisi ya kusekondale. M'Chingerezi muli *be*, ndipo m'Chijeremani momwemo muli *ich bin*, ine ndili, ndi *du bist*, iwe uli.

Kwa Mjeremani wa lero, kumva kuti *bauen* ndi *bin* ndi pachibale ndi chinthu chodabwitsa. Martin Heidegger, wafilosofi wa ku Germany, anaimirira pamaso pa akatswiri a zomangamanga ku Darmstadt mu 1951, mizinda ya Germany idakali mabwinja a nkhondo ndipo anthu akusowa pogona, n'kumanga mfundo yaikulu pa chibale chimenechi, yakuti kumanga kwenikweni ndi kukhala, akutchulanso *Nachbar* yemweyu. Ine ndimaona kuti mbiri ya liwu siilamula chimene munthu akutanthauza lero. Womanga nyumba ku Hamburg akamati *bauen* akunena za simenti ndi njerwa basi. Koma chimene chinatengera Ajeremani madikishonale akuluakulu kuti achione, Mchewa ali nacho pakamwa. "Khalani pansi." "Mumakhala kuti?" "Mwanayu adzakhala dokotala." "Zikhale choncho." Mneni mmodzi, kukhala, akunyamula kutsamira pansi, kukhala pamudzi, kusanduka ndi kukhalapo. Ndipo monga *physis* anatuluka mu *phyein*, ife tinatulutsa chikhalidwe ndi khalidwe mu kukhala. Chichewa ndi Chijeremani si pachibale, ndipo kukhala ndi *bhu-* alibe kholo limodzi. Ndi maganizo a anthu amene anayenda njira yofanana kumalo awiri otalikirana. Kumasulira *nāhgibūr* m'Chichewa sikuvuta n'komwe: wokhala naye pafupi.

Mapasa aja moyo unawachitira mosiyana. Mizinda itakula ndipo akalonga okwera pa akavalo atadzipatula, *gebūr* anasiya kutanthauza "wa m'mudzi mwathu" n'kuyamba kutanthauza "wakumudzi", monenedwa ndi anthu a pamwamba. Chipongwe chinalowamo. *Bäurisch* mpaka lero ndi khalidwe lopanda ulemu, monga ena kuno amanyozera kuti "zachimidzi", ndipo pa masewera a chesi kachidole kakang'ono kuposa tonse, kamene kamaponyedwa kutsogolo kuti kafe, Ajeremani amakatcha *Bauer*. Alimi omwewo atatopa ndi misonkho ndi thangata la eni malo anaukira mu 1524 ndi 1525, pa nkhondo yotchedwa *Bauernkrieg*, ndipo anaphedwa miyandamiyanda.

Ku Netherlands liwuli linagawikanso pawiri: *buur* ndi neba, *boer*, lotchulidwa "buur" ndi u wathu, ndi mlimi. *Boer* ameneyu anakwera sitima. Jan van Riebeeck, wa kampani ya malonda ya ku Netherlands, anafika ku Cape mu 1652, ndipo mu 1657 antchito ena a kampaniyo anamasulidwa kuti azilima paokha. Zidzukulu zawo zinalowa mkati mwa dziko ndi ngolo za ng'ombe, zikulanda malo a eni nthaka, ndipo dzina la ntchito linasanduka dzina la mtundu, lomwe linamveka dziko lonse pa nkhondo yawo ndi Britain ya 1899 mpaka 1902. Azulu anawatcha *amaBhunu*, Ashona *mabhunu*, ndipo agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela analimva liwuli likunenedwa ndi mantha ndi mkwiyo. Amene ali ku South Africa lero amalipeza pa soseji ya *boerewors*. Zimandilemera mumtima kuganiza kuti liwu lomwe linayamba ngati "wokhala naye pamodzi" linadzakhala dzina la anthu amene boma lawo linaika m'malamulo kuti wakuda ndi mzungu asakhale moyandikana.

*Nachbar* anatsala kwawo, ndipo kwa nthawi yaitali anali liwu lolemera kuposa lero. M'midzi yambiri ya ku Germany, monga ku Thuringia ndi ku Franconia, si aliyense wokhala m'mudzi amene anali *Nachbar*. Linali dzina la udindo: mwini nyumba ndi munda, wokhala ndi mawu pa bwalo la mudzi, wololedwa kudyetsa ziweto pa dambo la onse ndi kutola nkhuni m'nkhalango ya onse. Waganyu wogona m'kanyumba ka eni ake sankawerengedwa, ngakhale khomo lake litayang'anana ndi lanu.

Ajeremani amene anasamukira ku Transylvania, m'dziko la Romania lero, kuyambira m'zaka za m'ma 1100, anausunga mwambowu mpaka posachedwapa. Msewu uliwonse unali ndi gulu lake, *Nachbarschaft*, lotsogozedwa ndi *Nachbarvater*, bambo wa maneba. Gululo linali ndi bokosi lake lamatabwa losungiramo malamulo ndi ndalama. Kukagwa maliro kapena kukakhala msonkhano, kathabwa kosema kankayenda khomo ndi khomo pamodzi ndi uthengawo, aliyense akalandira n'kukapereka kwa wotsatira, mpaka kabwerere kumene kanachokera. Kamodzi pachaka ankakhala pansi kuweruza milandu ndi kulipiritsa amene anajomba ku maliro kapena kukana kuthandiza pomanga nyumba ya mnzake. Ambiri a iwo anasamukira ku Germany ulamuliro wa chikomyunizimu utagwa mu 1989, ndipo midzi yambiri inatsala ndi matchalitchi okha.

M'midzi ya ku Münsterland ndi madera ena a kumpoto chakumadzulo mukadali chotsalira chake, *Notnachbar*, neba wa pa tsoka. Iyeyu ndiye woyamba kuuzidwa munthu akamwalira, ndiye amayenda kukalengeza uthenga, ndipo maneba ndiwo amanyamula bokosi, osati abale, monga kuno ntchito ya kumanda imakhalira ya adzukulu. Ukwati ukayandikira, maneba omwewo amaluka nkhata ya masamba obiriwira n'kukaipachika pakhomo la akwati.

M'tauni liwuli linachepa n'kutsala pa mpanda. *Nachbarrecht*, lomwe kale linali ufulu wokhala membala wa mudzi, lero ndi malamulo a malire, utsi, phokoso ndi mitengo. Buku la malamulo a anthu wamba la Germany, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1900, lili ndi ndime zake pankhaniyi. Ndime 910 ikuti nthambi za mtengo wa neba zikalowa kwanu n'kumakusokonezani, mumupatse nthawi yoti adule, akapanda kutero mudule nokha. Ndime 911 ikukamba nkhani yomwe aliyense wokulira pafupi ndi mtengo wa mango wa eni ake akuidziwa. Chipatso chikadali pa nthambi ndi cha mwini mtengo, ngakhale nthambiyo ili mbali yanu, ndipo simuloledwa kuthyola kapena kugwedeza. Chikagwa chokha pabwalo panu, ndi chanu.